Kapangidwe ka Granola Pakhomo: Mtedza, Nthanga za Maungu, Chitowe ndi Uchi

Mawu oyamba

M'makomo ambiri ana amanyamuka kupita kusukulu osalawa kanthu. Sikuti nthawi zonse chakudya chimasowa ayi, koma m'mawa nthawi imathina: moto sunakolezedwe, madzi sanatungidwe, ndipo belu la kusukulu silidikira kuti phala lipse. Pamene zili choncho, m'nyumba momwemo muli thumba la mtedza, ndipo nthanga za maungu zikutayidwa kudzala tsiku lililonse.

Kabuku kano kakuphunzitsani kupanga granola, chakudya chouma chomwe mumakonza tsiku limodzi n'kudya kwa masabata awiri kapena atatu osasonkhanso moto. Zinthu zambiri zofunika zili kale m'minda mwathu. Chinsinsi chake chili pa zinthu zitatu: kusankha bwino mbewu, kukazinga pa moto wochepa, ndi kusunga pouma.

Kodi granola n'chiyani?

Granola ndi chakudya cha kadzutsa chopangidwa posakaniza oats, mtedza ndi njere zosiyanasiyana, n'kuzipaka uchi ndi mafuta pang'ono, kenako n'kuzikazinga mpaka zitauma ndi kufiirira. Chinayambira ku America. Mu 1863 dokotala wina dzina lake James Caleb Jackson wa ku Dansville, m'chigawo cha New York, anayamba kupatsa odwala ake chakudya cha ufa wa tirigu chowotcha kawiri, cholimba moti ankachiviika usiku wonse asanadye. Granola wa oats, uchi ndi mtedza amene timamuona lero anatchuka m'zaka za m'ma 1960.

M'masitolo akuluakulu a m'tauni granola wa m'mapaketi alipo, koma mtengo wake ndi wokwera. Wopanga nokha amatchipa, ndipo mumadziwa chilichonse chimene chalowamo.

Ubwino wake pabanja

Alangizi a zaumoyo amatilimbikitsa kudya kuchokera m'magulu 6 a zakudya tsiku lililonse: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale imodzi ya granola yokhala ndi mkaka ndi nthochi imakwaniritsa magulu 5, n'kungotsala masamba oti mudzadye pankhomaliro.

- Oats amakhutitsa, amapatsa mphamvu, ndipo amathandiza kuti munthu asadzimbidwe.
- Mtedza umamanga thupi. Pa magalamu 100 a mtedza, pafupifupi magalamu 25 ndi zomanga thupi.
- Nthanga za maungu zili ndi zomanga thupi, ayironi wothandiza kupanga magazi, ndi zinki.
- Chitowe chili ndi kashiyamu wolimbitsa mafupa ndi mano.
- Mpendadzuwa uli ndi mafuta abwino ndi vitamini E.
- Zipatso zouma zimatsekemeretsa, choncho simufunika shuga wambiri.

Granola ndi kamba wabwino wa paulendo, wa kumunda, wa kuntchito ndi wa mwana wa kusukulu yogonera komweko, chifukwa sasasa msanga ndipo salira mphika.

Zofunika ndi miyezo yake

Gwiritsani ntchito kapu imodzi yomweyo poyeza zonse. Kapu wamba ya tiyi imalowa mamililita pafupifupi 250.

- Makapu 3 a oats wa njere zophwatalala
- Kapu 1 ya mtedza woswa kale
- Theka la kapu ya nthanga za maungu
- Theka la kapu ya njere za mpendadzuwa zochotsa makoko
- Masupuni 4 aakulu a chitowe
- Masupuni 5 aakulu a mafuta ophikira
- Masupuni 6 aakulu a uchi
- Theka la kasupuni ka tiyi ka mchere wa ayodini
- Kasupuni ka tiyi kamodzi ka sinamoni kapena jinja wa ufa, ngati alipo
- Kapu 1 ya zipatso zouma zoduladula

Miyezo imeneyi imatulutsa makapu pafupifupi 6 a granola. Ngati mbewu ina palibe, onjezani ina imene muli nayo, bola mtedza ndi njere zonse pamodzi zisapitirire makapu awiri ndi theka. Amene muli kufupi ndi kolima makadamiya, monga ku Thyolo ndi ku Ntchisi, mukhoza kusinthanitsa theka la mtedza ndi makadamiya oduladula.

Ngati uchi wasowa kapena wadula, pangani manyuchi: sungunulani theka la kapu ya shuga m'masupuni 3 aakulu a madzi pa moto wochepa mpaka shugayo atasungunuka yense ndi kuyamba kunanda. Shuga ndi mafuta ophikira amene muli nawo akhale aja olembedwa kuti anawonjezeramo vitamini A.

Zipangizo: chiwaya chachikulu chokhuthala pansi, kapoto kakang'ono, beseni loyera, mthiko, lichero, mtondo ndi munsi, thireyi, ndi mabotolo okhala ndi zotsekera zolimba. Zonse zikhale zotsuka ndi zouma. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe.

Gawo loyamba: kusankha ndi kukonza mbewu

Gawo lino ndi lomwe limatenga nthawi, ndipo ndi lomwe limateteza banja lanu. Musalidumphe.

*Mtedza*

Mtedza wa mtundu uliwonse umatheka, kaya Chalimbana wa njere zikuluzikulu, kaya CG7 wofiira uja wa mafuta ambiri. Chofunika ndi chakuti ukhale wabwino. Mtedza umene unavutika ndi chilala m'munda, umene sunaume bwino, kapena umene unanyowa m'nkhokwe umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ndi woopsa kwambiri kwa ana. Kukazinga sikumuthetsa. Njira yodzitetezera ndi kutaya njere zoipa zisanafike pachiwaya.

1. Poswa mtedza musawaze madzi pa makoko pofuna kuti afewe. Chinyezi chimenecho ndicho chimadzutsa chuku.
2. Yalani mtedza m'lichero pamalo owala, n'kusankha njere imodziimodzi.
3. Chotsani njere zonyala, zakuda, zamawanga, zosweka kalekale, zobooledwa ndi tizilombo, ndi zonse zooneka ufa wobiriwira kapena wachikasu.
4. Zimene mwachotsazo zikwirireni pansi kapena zitentheni. Musasinjire nsinjiro, ndipo musapatse nkhuku, nkhumba kapena ng'ombe, chifukwa poizoniyo amatha kufika mumkaka.
5. Kazingani mtedza wabwinowo pa moto wochepa kwa mphindi 10 mpaka 15, mukutakasa.
6. Ukazizira, ufikiseni m'manja n'kupeta kuti khungu lichoke. Yang'ananinso kachiwiri, pakuti njere zina zimaoneka zowola mkati khungu likachoka.
7. Uphwanyeni pang'ono mumtondo kuti usweke pawiri kapena panayi. Musausinje mpaka kukhala ufa.

*Nthanga za maungu*

1. Mukang'amba dzungu, kokolani nthanga n'kuzitsuka m'madzi oyera mpaka ulusi wonse ndi kuterera zitachoka.
2. Ziyanikeni padzuwa pa thandala kapena m'lichero kwa masiku awiri kapena atatu, osati pa dothi.
3. Nthanga youma bwino imathyoka mukaipinda. Ikamangopindika, sinaume.
4. Tayani zopanda kanthu mkati. Zodzadza mukhoza kuzisenda kapena kuzikazinga ndi makoko ake. Zikakazingika bwino makokowo amatafunika.

Nyengo ya maungu, kuyambira Malichi mpaka Meyi, muzisonkhanitsa nthanga tsiku lililonse. Zouma bwino zimasungika miyezi ingapo m'chitini chotseka.

*Mpendadzuwa*

Makoko a mpendadzuwa ndi olimba ndipo sadyedwa. Ukonoleni mopepuka mumtondo, petani, kenako tolani makoko otsala ndi manja.

*Chitowe*

Chitowe chimabwera ndi mchenga chifukwa cha kapunthidwe kake. Chithireni m'beseni la madzi, chivunduleni, n'kuchitsanulira m'sefa yamabowo ang'onoang'ono kapena pansalu yoyera, mchenga utsale pansi pa beseni. Chiyanikeni chiume gwa.

*Zipatso zouma*

Mango, nthochi ndi chinanazi zimauma bwino mukazidula mopyapyala n'kuziyanika pa thandala, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala koletsa ntchentche ndi fumbi. Masau ouma, omwe amapezeka kwambiri ku Mwanza, ku Chikwawa ndi ku Tete, ndi abwinonso, koma chotsani njere yamkati iliyonse chifukwa ikhoza kuthyola dzino.

Gawo lachiwiri: kukazinga pa mbaula kapena pa mafuwa

Simufunika uvuni kuti mupange granola. Chiwaya ndi makala n'zokwanira, bola moto ukhale wochepa. Dikirani malawi athe, patsale makala ofiira. Ngati chiwaya chanu n'chaching'ono, gawani miyezo ija pawiri n'kukazinga maulendo awiri.

1. Kazingani mbewu iliyonse payokha m'chiwaya chouma, chifukwa sizipsa nthawi imodzi. Nthanga za maungu zimatenga mphindi 5 mpaka 8, ndipo zikapsa zimafufuma n'kuyamba kuthetheka. Mpendadzuwa umatenga mphindi 4 kapena 5. Chitowe chimangofuna mphindi 2 kapena 3, ndipo chikayamba kudumpha chiphuleni msanga.
2. Mbewu iliyonse ikapsa ikhuthulireni m'beseni nthawi yomweyo. Mukaisiya m'chiwaya chotentha imapitiriza kupsa.
3. Kazingani oats m'chiwaya chouma kwa mphindi 5 mpaka 8, mukutakasa mosalekeza, mpaka atayamba kununkhira.
4. M'kapoto, tenthetsani mafuta, uchi, mchere ndi sinamoni mpaka uchi utasungunuka. Musadikire kuti ziwire kwambiri.
5. Thirani mtedza ndi njere zonse m'chiwaya momwe muli oats, kenako tsanulirani uchi ndi mafuta uja pamwamba.
6. Takasani ndi mthiko kuti njere iliyonse ipakike. Pitirizani kutakasa pa moto wochepa kwa mphindi 5 mpaka 8, mukukokola pansi ndi m'mbali, mpaka zonse zitafiirira ngati uchi womwewo.
7. Khuthulirani pa thireyi yopaka timafuta, yalani, n'kutsindira ndi kumsana kwa chipande.
8. Siyani osakhudza kwa mphindi 45. Granola akamachoka pamoto amakhala wofewa, amauma akamazizira.
9. Akazizira, mphwanyeni ndi manja m'timibulu, kenako sakanizani ndi zipatso zouma.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Moto waukulu umapsereza uchi kunja njere zisanaume mkati, ndipo granola wopserera amawawa moti sangakonzekenso.

Gawo lachitatu: kuwotcha mu uvuni

1. Tenthetsani uvuni kufika madigiri 150.
2. Panjira imeneyi mtedza muukazinge pang'ono chabe, mongofuna kuchotsa khungu. Nthanga, mpendadzuwa, chitowe ndi oats zilowe zosakazinga.
3. Sakanizani zouma zonse m'beseni, kupatula zipatso.
4. Sungunulani uchi, mafuta, mchere ndi sinamoni, n'kuthira m'besenimo. Vundulani mpaka pasatsale malo ouma.
5. Yalani pa thireyi yopaka mafuta. Kukhuthala kwake kusapitirire chala chimodzi chogoneka.
6. Ikani pakati pa uvuni kwa mphindi 25 mpaka 35. Pakatha mphindi 10 zilizonse, tulutsani n'kutembenuza, mukubweretsa za m'mbali pakati, chifukwa m'mbali ndimo mumayamba kupserera.
7. Mukatembenuza komaliza, tsindirani ndi chipande kuti pakhale timibulu.
8. Tulutsani zikafiirira, siyani zizizire, ndipo thirani zipatso pomaliza.

Ngati oats palibe

Oats ambiri amene timagula amachokera kunja, ndipo kumidzi sapezeka kawirikawiri. Zimenezi zisakugwetseni ulesi. M'malo mwake gwiritsani ntchito mbuliwuli. Mapira ouma bwino nawonso amaphulika mukawathira pang'onopang'ono mumphika wotentha wovindikira.

1. Phulitsani chimanga cha mbuliwuli kapena mapira mpaka mutapeza makapu 5.
2. Chotsani njere zonse zosaphulika, pakuti n'zolimba ndipo zimapweteka mano.
3. Phwanyani mbuliwuli pang'ono ndi manja.
4. Sakanizani ndi mtedza ndi njere zokazinga kale, thirani uchi ndi mafuta otentha, takasani pamoto kwa mphindi 2 kapena 3, n'kuyala kuti zizizire.

Granola wotereyu amafewa msanga kuposa wa oats, choncho pangani wokwanira masiku atatu kapena anayi basi.

Kasungidwe

- Musatsekere granola akadali wofunda. Nthunzi imasanduka madzi m'botolo, ndipo madzi amabweretsa chuku.
- Botolo kapena chitini chikhale chotsuka, choyanika padzuwa, ndi chotsekeka bwino.
- Lembani tsiku limene mwapanga pa kapepala n'kumata pa botolo.
- Ikani pamalo ozizira, a mthunzi, kutali ndi moto, sopo ndi parafini. Mafuta a m'njere amakoka fungo.
- Tapani ndi supuni youma, osati ndi manja, n'kutseka nthawi yomweyo.
- M'chilimwe amasungika masabata atatu. M'dzinja, pamene mpweya uli ndi chinyezi, mudye asanathe masabata awiri.
- Akafewa koma alibe chuku kapena fungo lachilendo, mutenthetseninso m'chiwaya chouma kwa mphindi zochepa.
- Akaoneka chuku, akamanunkha mafuta okhalitsa, kapena akamawawa, tayani botolo lonse. Musachotse pamwamba pokha.

Kadyedwe

Theka la kapu ndi lokwanira munthu wamkulu pa kadzutsa, ndipo mwana wa kusukulu masupuni 4 kapena 5 aakulu. Granola ali ndi mphamvu zambiri m'kachakudya kochepa, choncho sadyedwa modzaza mbale.

- Thirani mkaka wowiritsa, chambiko kapena yogati, n'kudulira nthochi, papaya kapena mango.
- Wazani masupuni awiri pa phala la mgaiwa kapena la mawere.
- Sungunulani ufa wa malambe mumkaka n'kuthira pa granola. Malambe ali ndi vitamini C, amene amathandiza thupi kulandira ayironi wa m'njere.
- Muikireni mwana m'kachitini kotseka kuti akadye pa buleki, pamodzi ndi botolo la madzi akumwa.

Machenjezo

1. Mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi, ngakhale wophika. Mu uchi mumatha kukhala tizilombo tomwe timafoola makanda ndipo tikhoza kupha. Mwana wosakwana miyezi 6 azingoyamwa basi.
2. Ana osakwana zaka 5 akhoza kutsamwa ndi mtedza, nthanga ndi mbuliwuli. Asinjireni granola mumtondo akhale ufa, n'kuthira m'phala. Adye atakhala pansi, wamkulu ali pafupi.
3. Anthu ena thupi lawo limadana ndi mtedza kapena chitowe. Munthu akatuluka ziwengo, akatupa milomo kapena nkhope, akamasanza kapena kubanika atangodya, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musanapatse mlendo kapena mwana wa mnzanu, nenani kuti muli mtedza.
4. Musadye mbewu yogula yobzala. Mbewu yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ili ndi mankhwala akupha. Kutsuka sikuichititsa kukhala yodyedwa.
5. Odwala matenda a shuga achepetse uchi ndi zipatso zouma, adye pang'ono, ndipo afunse kaye kuchipatala.
6. Uchi ndi shuga wotentha amamata pakhungu n'kuwotcha kwambiri. Ana akhale kutali ndi chiwaya. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20.
7. Mbaula ikhale panja kapena pamalo opita mphepo. Mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha.
8. Granola amakanirira m'mano. Ana azitsuka mkamwa akatha kudya.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

- Kupserera ndi kuwawa: moto unali waukulu, kapena munasiya kutakasa. Phulani makala ena, ndipo musachoke pachiwaya.
- Kusauma: munaunjika mokhuthala pa thireyi, munachulutsa uchi, kapena nthanga zinali zisanaume.
- Kumwazika osagwirana: uchi unachepa, simunatsindire, kapena munavundula asanazizire.
- Zipatso kulimba ndi kuda: munazikazinga pamodzi ndi njere. Zipatso zimalowa pomaliza.
- Mchenga m'mano: chitowe sichinatsukidwe.
- Chitowe kupserera mtedza usanapse: munakazinga zonse pamodzi m'chiwaya.
- Kusakoma ngakhale uchi ulimo: munaiwala mchere. Kamchere kochepako ndi komwe kamadzutsa kukoma kwa mtedza.
- Kulimba kovuta kutafuna: manyuchi a shuga anawira nthawi yaitali.

Kwa ofuna kugulitsa

Granola akhoza kukhala bizinesi ya banja kapena ya gulu la amayi ndi achinyamata. Yambani ndi kulemba ndalama zonse zimene mwawononga, kuphatikizapo makala, mapaketi ndi mayendedwe, musanaike mtengo. Pa paketi iliyonse lembani zimene zilimo, kulemera kwake, tsiku lopangira, tsiku lothera, ndi chenjezo lakuti muli mtedza ndi chitowe. Musanayambe kuika m'masitolo, kafunseni malangizo kwa a zaumoyo a kukhonsolo yanu ndi ku bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards. Mtedza umene simungapatse mwana wanu musaugulitse kwa mwana wa mnzanu.

Mawu otsiriza

Ulendo woyamba yesani ndi theka la miyezo ija kuti muzolowere moto wa mbaula yanu. Mukadziwa, sankhani tsiku limodzi, monga Loweruka masana, loti banja lonse lithandizane: ana azitsuka ndi kuyanika nthanga, akuluakulu azisankha mtedza ndi kukazinga. Phunzitsaninso anzanu apamudzi, a kumpingo ndi a kusikelo ya ana, makamaka za kuopsa kwa chuku cha mtedza. Kuyambira lero, musatayenso nthanga za maungu, ndipo mwana aliyense wa pakhomo panu azipita kusukulu atadya.